Soya Wosatha ndi Nandolo wa Kuseri kwa Nyumba

Chaka ndi chaka, mitambo ya mwezi wa Novembala ikayamba kuda, mlimi wa m'dziko muno amayamba ntchito yake ngati munthu amene sanalimepo chibadwire. Amagalauza mizere, amafunafuna ndalama za mbewu ndi feteleza, amabzala, ndipo mvula ikadukiza amabzalanso kachiwiri ngati mbewu yatsalako. Pofika mwezi wa Meyi zonse zimene anabzala zimakhala zitauma. Kuyambira pamenepo munda umakhala pambalambanda kwa miyezi isanu ndi umodzi, dzuwa likuutentha, kufikira mvula yoyamba itabwera ndi kukokolola dothi lachonde kupita nalo kumtsinje. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi bungwe la FAO, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2016, anapeza kuti hekitala imodzi ya m'dziko muno inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa chaka.

N'chifukwa chake mawu akuti "soya wosatha" amakoma m'khutu la aliyense amene anagwirapo khasu. Munthu akawamva amaona m'maganizo mwake munda umene wabzalidwa kamodzi kokha, nukololedwa zaka zambiri, mizu yake itagwira dothi chilimwe chonse. Ndipotu soya si mbewu wamba. Pa magawo 100 alionse a njere yake, pafupifupi 40 ndi chakudya chomanga thupi ndipo pafupifupi 20 ndi mafuta. Ndiye amene amapatsa mphamvu Likuni Phala, ndiye nyama ya soya imene imagulitsidwa m'timapaketi pa okala iliyonse, ndiyenso chakudya cha nkhuku za mazira ndi za nyama. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, mbewu yotere itati ikhale yosafa ikanakhala mphatso yaikulu.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomera chimene chimadziwika ndi dzina lakuti soya wosatha sichingadzaze thumba la mlimi, ndipo soya weniweni wobereka zaka zambiri sanapezeke kulikonse pa dziko lapansi. Pamene ophunzira akudikira chozizwitsa chimenechi, mbewu ya mtundu wa nyemba imene imakhala ndi moyo zaka zingapo, imene agogo awo ankaidziwa bwino, ikudyedwa ndi mbuzi ndi kupserezedwa ndi moto chaka chilichonse. Mbewuyo ndi nandolo.

Chomera cha dzina lonyenga

Chomera chimene mabuku a Chingerezi amachitcha perennial soybean, ndipo alimi a ku Brazil amati soja perene, chilipodi. Akatswiri a zomera poyamba ankachitcha Glycine javanica, pambuyo pake Glycine wightii, ndipo pokhala ndi dzina la Glycine chinkawerengedwa kuti ndi mbale wake wa soya wodyedwa, amene dzina lake ndi Glycine max. M'chaka cha 1977 katswiri wina dzina lake Lackey anachichotsa pa mtundu umenewo nachipatsa dzina lina, Neonotonia wightii, ataona kuti ubale wake ndi soya ndi wapatali. Dzina la m'mabuku a sayansi linasintha, koma dzina la pakamwa linakanirira, ndipo likusokeretsa anthu mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti chomerachi si chachilendo. Chimamera chokha m'tchire m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Chimayanga pa udzu ndi pa zitsamba, masamba ake amakhala atatuatatu ngati a nyemba, maluwa ake ndi ang'onoang'ono otuwira, ndipo muzu wake umalowa pansi kwambiri, kotero kuti chilimwe sichichipha. Anthu a ku Australia anatenga mbewu yake ku Africa nakaibzala m'mabusa a ng'ombe za mkaka a ku Queensland. Mitundu imene anasankha anaipatsa maina monga Tinaroo, Cooper ndi Clarence, ndipo mtundu wina umene unatuluka m'zaka za m'ma 1970 anautcha Malawi, chifukwa mbewu yake inachokera kuno. Chomera chimene ana a m'dziko muno amachiponda popita kusukulu chinakanenepetsa ng'ombe kutsidya la nyanja.

Nanga n'chifukwa chiyani sichingalowe m'malo mwa soya pa mbale? Yankho lili mu njere. Kilogalamu imodzi ya soya imakhala ndi njere pafupifupi 6,000, pamene kilogalamu imodzi ya mbewu ya chomerachi imakhala ndi tinjere toposa 100,000. Makoko ake ndi aubweya, aafupi osafika kutalika kwa chala, sakhwima nthawi imodzi, ndipo akauma amathetheka okha n'kumwaza tinjereto pansi. Khungu la tinjereto ndi lolimba, moti ngakhale wofuna kubzala amayenera kuyamba walikhula kuti madzi alowe. Mayi amene angayese kutola tinjere totere kuti apere ufa wa phala angathe tsiku lathunthu osadzaza chikho.

Palinso chenjezo limene mphunzitsi aliyense ayenera kulinena momveka. Njere za zomera za mtundu wa nyemba zimakhala ndi zinthu zimene zimadziteteza nazo ku zilombo. Soya weniweniyo sadyedwa wamuwisi: amayamba wawiritsidwa kapena kukazingidwa, chifukwa muli zinthu zolepheretsa thupi kugaya chakudya chomanga thupi, zimene zimafa ndi moto. Anthu a kummwera amadziwa kuti kalongonda amaphikidwa nthawi yaitali, madzi ake akutayidwa kangapo, apo ayi amazunguza mutu. Nzeru zimenezi zinapezeka patapita mibadwo. Njere za m'tchire zimene palibe amene anaphunzira kaphikidwe kake si zoyesera pa mwana chifukwa chongoti dzina lake likufanana ndi la soya. Safunsa anadya phula.

Ntchito yeniyeni ya chomerachi ili m'masamba. Masamba ake ali ndi chakudya chomanga thupi chochuluka, ng'ombe ndi mbuzi zimawadya bwino, ndipo timfundo ta m'mizu yake timasunga tizilombo tabwino timene timatenga nayitirojeni mumpweya ndi kumusiya m'nthaka. Mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu amene angachiyangitse pa nsenjere zake angapeze chakudya chabwino cha m'khola, ndipo chomerachi chingafike m'mimba mwa mwana wake kudzera mu mkaka. Komabe chimachedwa kukhazikika m'chaka choyamba, sichikonda nthaka ya lowe, ndipo chikalekereredwa chimakwera mitengo n'kuiphimba. Ku Hawaii ndi m'madera ena a Queensland tsopano chimawerengedwa ngati udzu wovuta. Malo ake ndi m'malire mwa munda ndi pafupi ndi khola, pamene chikwakwa chimafika kawirikawiri.

Chifukwa chimene soya amafera

Wophunzira wochenjera angafunse kuti: ngati chomera cha m'tchire sichingathandize, bwanji akatswiri osasintha soya weniweni kuti asamafe? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lingayesedwe m'munda wa sukulu. Mphunzitsi asankhe mitengo iwiri ya soya yofanana, umodzi ausiye ubereke, winawo aziuthothola maluwa ndi makoko nthawi zonse. Umene wabereka udzachita chikasu n'kuuma, pamene wothotholedwawo udzakhalabe wobiriwira kwa masabata ena. Soya amafa chifukwa chobereka: amasamutsa chakudya chonse cha m'masamba ndi m'tsinde n'kuchiika mu njere, osasiyako kanthu ka mawa. Kulemera kwa njere yake ndi imfa yake zimachokera pa muzu umodzi. Chomera chofuna kuona chaka chachiwiri chimayenera kubisako chakudya m'mizu, ndipo chimene chabisidwacho chimachoka pa zokolola.

Abale enieni a soya amene amakhala zaka zambiri alipo, mitundu yoposa 20, ndipo pafupifupi yonse kwawo ndi ku Australia. Nayonso ili ndi tinjere tating'ono. Kuikwatitsa ndi soya ndi ntchito yovuta kwambiri, chifukwa kamwana ka m'kati mwa njere kamafa kasanakhwime pokhapokha katachotsedwa ndi kuleredwa m'botolo. M'chaka cha 2015 katswiri wina wa ku Illinois ku Amereka, Ram Singh, analengeza kuti patapita zaka zambiri wapeza mbewu zobereka kuchokera pa soya ndi mtundu wina wotchedwa Glycine tomentella. Koma cholinga chake chinali kubwereka mphamvu yopirira matenda ndi kuonjezera zokolola, ndipo mbewu zimene zinatulukazo ndi za chaka chimodzi monga soya wina aliyense.

Izi sizikutanthauza kuti mbewu zosatha ndi maloto chabe. Bungwe la Land Institute, limene Wes Jackson anayambitsa ku Kansas m'chaka cha 1976, linatulutsa mbewu yonga tirigu yotchedwa Kernza, ngakhale kuti zokolola zake zikadali zochepa poyerekeza ndi za tirigu. Ku Yunnan m'dziko la China akatswiri anakwatitsa mpunga wodyedwa ndi mpunga wa m'madambo a mu Africa wotchedwa Oryza longistaminata, ndipo m'chaka cha 2018 alimi analandira mtundu wotchedwa PR23. Zotsatira zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2022 zinaonetsa kuti mpunga umenewu unakololedwa kasanu ndi katatu m'zaka zinayi utabzalidwa kamodzi kokha, zokolola zake zikufanana ndi za mpunga wobzala nyengo iliyonse. Ntchito imeneyi inatenga zaka zoposa 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akatswiri ayenera kupatsidwa nthawi ndi ndalama kuti adekhe. Koma mwana amene akuyamba kudya phala chaka chino sangadikire zaka 20.

Ndiponso soya wosatha atati apezeke mawa, mavuto awiri angamudikire pakhomo. Loyamba ndi chilimwe: mpunga wa ku Yunnan umakhala m'minda ya madzi, pamene soya wa ku Mchinji, Kasungu, Ntchisi kapena Mzimba angayenere kupirira miyezi isanu ndi umodzi yopanda dontho. Lachiwiri ndi matenda. Alimi sanaiwale mmene chiwawu chinawonongera soya m'chaka cha 2023. Matenda amenewa amakhala ndi moyo pa tsamba laliwisi, ndipo n'chifukwa chake m'madera olima soya ku Brazil muli lamulo lakuti kwa pafupifupi miyezi itatu pa chaka pasapezeke soya wamoyo m'munda uliwonse. Soya wobiriwira chaka chonse angakhale nyumba yogona ya chiwawu, n'kuchipereka kwa mbewu yatsopano mvula ikangogwa.

Mbewu imene ilipo kale

Tsono maso abwerere kuseri kwa nyumba. Nandolo ndi kamtengo kamene kamatha kukhala zaka zitatu kufikira zisanu. Muzu wake umalowa pansi mpaka mamita awiri, kukafuna chinyezi kumene chimanga sichifika. Timfundo ta m'mizu yake timapanga nayitirojeni popanda mankhwala ogula. M'chaka cha 1990 akatswiri anaonetsa kuti mizu yake imatulutsa madzi amene amasungunula fosifolasi womangika m'dothi lofiira, amene mbewu zambiri zimalephera kumutenga. Masamba ake amayoyoka n'kuphimba nthaka, nthambi zake zimasanduka nkhuni, ndipo makoko ake amadyetsa ziweto. Njere yake ili ndi magawo oposa pang'ono 20 pa 100 a chakudya chomanga thupi. N'zoona kuti soya amamuposa kawiri, koma nandolo safuna chigayo kapena fakitale. Amathyoledwa wamuwisi n'kuphikidwa makata, amaumitsidwa n'kukhala ndiwo kapena chipere, ndipo amabereka m'miyezi ya Juni mpaka Seputembala, pamene ndiwo zamasamba zayamba kusowa.

Anthu a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Zomba, Machinga ndi Mwanza akhala akumulima pakati pa chimanga kuyambira kale. Maina a mitundu yake amafotokoza mbiri yake. Mthawajuni ndi wa makolo, wofulumira kucha. Sauma anatulutsidwa m'chaka cha 1987, matenda ofotetsa nandolo atawononga minda yambiri, ndipo anapatsidwa dzinali chifukwa chopirira matendawo. Pambuyo pake panabwera Kachangu ndi Mwaiwathualimi, kuchokera mu ntchito ya akatswiri a boma ndi a bungwe la ICRISAT ku Chitedze. Mbewu yosatha ya mtundu wa nyemba, yoyesedwa m'nthaka ya kuno, ya kaphikidwe kodziwika kwa mayi aliyense, ilipo kale ndipo ili ndi maina a Chichewa.

Ubwino wina wa nandolo ndi wakuti salimbana ndi soya, amagona naye pa mzere umodzi. Nandolo amakula pang'onopang'ono m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, pamene mtedza kapena soya akukula mofulumira. Izi zikakololedwa, iye amatsala yekha m'munda ndipo m'pamene amatambasula nthambi. M'chaka cha 2016 boma linavomereza njira yobzala nandolo pamodzi ndi mtedza kuti alangizi aziiphunzitsa, ndipo alimi ena amaika soya m'malo mwa mtedza, ngakhale kuti soya amapanikiza nandolo koposa mmene mtedza umachitira. Nandolo amabzalidwa njere zitatu pa phando, mapando atatalikirana masentimita 90. Akakololedwa, mitengo yake imadulidwa pafupifupi theka la mita kuchokera pansi, ndipo zitsa zimasiyidwa. Mvula yoyamba ikagwa zitsazo zimaphukira, mlimi n'kubzala chimanga pakati pake, namasadza mphukira kuti zisachite mthunzi.

Phindu la chaka chachiwiri ndi loonekeratu. Mlimi sagula mbewu ya nandolo ndipo sabzala. Mizu imakhala ili kale pansi, kotero kuti ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale, yonga imene inachititsa kuti m'mwezi wa Malichi 2024 maboma 23 mwa maboma 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi ya njala, siiopsa kwenikweni. Nandolo wophukira amachita maluwa msanga. Chimanga chimadya chonde chimene masamba anasiya, chinthu chofunika kwambiri kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023, mtengo wa feteleza n'kukwera. Chimene anthu amachifuna kwa soya wosatha, munda wotere umachipereka mwa njira ina: soya wa chaka chimodzi apereke njere yolemera, nandolo wa zaka zingapo asunge nthaka.

Mbuzi, moto ndi msika

Ngati zili choncho, bwanji minda ya m'chigawo chapakati ndi kumpoto siidzaza ndi nandolo wophukira? Chifukwa chachikulu chili ndi miyendo inayi. M'midzi yambiri ya m'zigawo zimenezi muli mwambo wakuti chimanga chikangokololedwa ziweto zimamasulidwa kuti zidye paliponse. Pa nthawi imeneyo nandolo amakhala ali ndi maluwa, ndipo ndiye chinthu chokhacho chobiriwira m'munda monse. Mbuzi zimamudya mpaka khungwa. Chimene mbuzi yasiya, moto wa osaka mbewa umamaliza mu Ogasiti ndi Seputembala. Kummwera, kumene malo ndi ochepa ndipo m'minda mumakhala mbewu nthawi yaitali, anthu anazolowera kumangirira mbuzi ngakhale m'chilimwe, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene nandolo wambiri amachokera kumeneko. Kusiyana kwa Mulanje ndi Dowa pa nkhaniyi kuli pa chingwe cha mbuzi koposa pa nthaka.

Mwini mbuzi nayenso ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Kwa banja losauka mbuzi ndiyo banki: imalipira sukulu, imagula mankhwala, imathandiza pa maliro. Kuimangirira chilimwe chonse popanda chakudya ndi kuipha ndi njala, ndipo kuitumizira mwana woiweta ndi kumuchotsa mwanayo m'kalasi. Lamulo longoti mbuzi zimangidwe, losanena chimene zidzadye, lidzaswedwa sabata yoyamba. Apa ndi pamene chomera chija cha dzina lonyenga chikupeza ntchito yake yoona. Chikabzalidwa m'malire mwa minda ndi kuzungulira makola, pamodzi ndi nsenjere, masangwi a mtedza osungidwa bwino ndi masamba osadzidwa ku nandolo yemweyo, chimapereka chakudya chomweta n'kupititsa kukhola. Soya wosatha adyetse mbuzi, mbuzi isiye nandolo, nandolo adyetse mwana.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha matenda ndi tizilombo. N'zoona kuti chitsa chokhalitsa chingasunge matenda ofotetsa, kuti chiswe chimadya zitsa zina m'chilimwe, ndi kuti mbozi zoboola makoko sizisankha nandolo wa chaka choyamba kapena chachiwiri. Chifukwa cha ichi mlimi asankhe mitundu yopirira, azule ndi kutentha mtengo uliwonse wofota, ndipo asasunge zitsa kupitirira chaka chachiwiri kapena chachitatu asanasinthe mbewu m'mundamo. Mawu akuti "wosatha" pa ulimi satanthauza muyaya. Ngakhale mpunga wa ku Yunnan uja umabzalidwanso pakapita zaka zinayi, chifukwa zokolola zimayamba kutsika.

Chachitatu ndi msika, ndipo bala lake silinapole. Nandolo wouma wambiri wa m'dziko muno amagulitsidwa ku India. Dzikolo litakolola wambiri, m'mwezi wa Ogasiti 2017 linachepetsa nandolo wololedwa kulowa kuchokera kunja, ndipo mtengo unagwa koopsa, alimi a kummwera n'kutsala ndi matumba osowa wogula. M'chaka cha 2021 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa zaka zisanu wa matani 50,000 pa chaka, koma phunziro linali litamveka kale: mlimi wodalira wogula mmodzi wa kutsidya la nyanja ali ngati wogona m'nyumba ya mwini. Phunziro limeneli silitsutsa nandolo. Likungonena kuti ayambe wawerengedwa ngati chakudya cha pakhomo, cha sukulu zogonera konko, cha zipatala ndi cha ndende, malonda a kunja abwere pambuyo. Mtengo ukagwa fodya sadyeka, koma nandolo amaphikidwa.

Chachinayi ndi malo. Wachinyamata wobwereka munda kwa nyengo imodzi sangasiye zitsa, pakuti sadziwa ngati adzalimanso pomwepo. Amene akubwereketsa ayenera kuona kuti munda wobwezedwa uli ndi nandolo ndi wachonde kuposa wobwezedwa uli mbee, ndipo pangano la zaka ziwiri kapena zitatu, lochitiridwa umboni ndi nyakwawa, limapindulitsa onse awiri.

Ntchito ya aphunzitsi ndi omaliza sukulu

Zopinga zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: palibe chimene chikudikira katswiri wa ku yunivesite. Zikudikira anthu ogwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito imene inayambira pa chipatala cha mishoni m'chaka cha 2000 inaonetsa zimenezi. Alimi anayesa okha nandolo, mtedza ndi soya m'minda yawo, anakambirana za ziweto ndi za kadyetsedwe ka ana, ndipo kafukufuku anapeza kuti ana a m'midzi imene inatenga nawo mbali kwa nthawi yaitali ankakula bwino kuposa kale. Nandolo anakhazikika kumene ambiri ankati sangalimidwe.

Mphunzitsi wa zaulimi ali ndi chida chimene mlangizi alibe, ndicho munda wa sukulu ndi ana amene amabwera tsiku lililonse. Munda umenewu ungagawidwe zigawo zitatu: china cha chimanga chokha, china cha soya ndi nandolo wozulidwa pakutha pa chaka, china cha soya ndi nandolo wosiyidwa kuti aphukire. Ophunzira alembe tsiku lobzala ndi la maluwa oyamba, awerenge zitsa zimene zapulumuka chilimwe, ayeze zokolola pa sikelo, ndipo akumbe dzenje aone pamene mizu yafika. Pakutha pa zaka ziwiri sukuluyo idzakhala ndi manambala akeake, a nthaka yake ndi mvula yake, amene mfumu ndi makolo angawakhulupirire kuposa za m'buku lolembedwa kutali. Ophunzirawo adzakhala ataphunziranso kusakhulupirira dzina la chinthu asanachiyese, limene ndi phunziro lalikulu kuposa la mayeso.

Womaliza sukulu amene wabwerera kumudzi ndi satifiketi koma wopanda ntchito asadzione ngati wotayika. Iye ndi amene angalembe pangano la mudzi lonena mwezi umene ziweto zingamasulidwe, malo amene zingadye, ndi chindapusa cha wotentha tchire. Iye ndi amene angasonkhanitse eni mbuzi ndi eni minda, amene nthawi zambiri amakhala anthu omwewo, pamaso pa nyakwawa. Angachulukitse mbewu ya nandolo n'kugulitsa kwa anzake, angamange makola a m'mwamba amene amasunga manyowa, angamwete ndi kuumitsa chakudya cha ziweto. Ntchito zimenezi zilibe ofesi kapena tayi, koma zimasiya mudzi uli wobiriwira mu Okutobala.

Unduna wa Zamalimidwe ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda nawonso ali ndi gawo lawo. Posankha mitundu yatsopano ya nandolo, kuphukira bwino m'chaka chachiwiri kuwerengedwe pamodzi ndi kuchuluka kwa zokolola za chaka choyamba. Mbewu ya chomera chija imene inapita ku Australia ndi dzina la dziko lino iyenera kupezekanso kwa alimi a ziweto a dziko lino, pamodzi ndi malangizo oona a ntchito yake ndi a kuopsa kwake.

Mwina tsiku lina akatswiri adzatulutsa soya wobereka zaka zambiri, wopirira chilimwe ndi chiwawu, ndipo tsiku limenelo lidzakhala la chikondwerero. Koma ngakhale soya ameneyo adzafuna mudzi umene unaphunzira kale kumanga mbuzi ndi kuletsa moto, apo ayi adzatha mu Julayi monga amathera nandolo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimanga chikakololedwa chaka chino, nkhani yoyamba pa bwalo la mfumu ikhale ya zitsa za nandolo ndi chingwe cha mbuzi.